Mtanda wa katekisiti wathu unathera m'dzenje la msewu

Akonzi,

Mundipatseko danga ndidandaule. Mwana wanga amene akuphunzira unamwino ku Germany ananditumizira chithunzi pa WhatsApp sabata yatha. Ndi mtanda wa mwala wofika m'chiuno, wopendekeka, wamera ndere, pakati pake anagobapo nkhwangwa. Uli m'mbali mwa msewu, kumapeto kwa munda wa tirigu.

Akuti mitanda yotere inkaimikidwa kuyambira m'ma 1200 mpaka m'ma 1500. Munthu akapha mnzake, ankagwirizana ndi ofedwa zopereka chipepeso, kulipirira misa ya malemuyo, ndi kuimika mtanda pamene panagwera mwazi kuti apaulendo azimupempherera. Mwambowu unayamba kuzilala mfumu Charles V itakhazikitsa lamulo la milandu la 1532, nkhani zakupha zitapita m'manja mwa makhoti. Lero mwala umenewu, wopanda ndi dzina lomwe, uli m'kaundula wa boma ndipo wouswa amayankha mlandu.

Chithunzicho chinanditonera chilonda. Kwathu kuno, pamphambano yopita kuchigayo, panali mtanda wa njerwa ndi simenti pamanda a katekisiti amene anaphunzitsa agogo anga aakazi kuwerenga. Tili ana tinkavula zipewa podutsapo, amayi ochokera kothyola tiyi ankatula madengu n'kupumulira pamthunzi wa mbawa ya pomwepo. Chaka chatha okonza msewu anabwera ndi chigiledala chawo, osafunsa ngakhale anyakwawa. Pofika madzulo zibenthu zake zinali zitakwirira dzenje. Ndinatolako chimodzi cholembedwa 19, manambala enawo anatsalira m'matope.

Chonditsamwitsa n'chakuti lamulo loteteza malo ndi zinthu zakale tili nalo, Monuments and Relics Act ya 1990. Mu 2025 tinavina UNESCO italemba phiri la Mulanje pamndandanda wa malo a cholowa cha dziko lonse. Linga la asilikali la Fort Lister la 1893, lomwe linkatseka njira ya ogulitsa akapolo ku Phalombe uko, limadziwika. Nanga tinthu ting'onoting'ono ta m'midzimu, manda a aphunzitsi oyamba, malo othirira nsembe, akutilemba ndani?

Ndikupempha a nthambi yoona za zakale abwere akhale pansi ndi mafumu athu ndi nkhalamba zikadalipo, alembe malowa mudzi ndi mudzi, ndipo aliyense wopatsidwa ntchito ya msewu aziyamba waona kaundulayo. M'mudzi mwathu wotsala wodziwa dzina la katekisiti uja ndi azakhali anga okha, ndipo makutu anayamba kale kuwavuta.

Mphunzitsi wopuma,
Mulanje