Lipoti la msonkhano wa za chisamaliro cha odwala matenda a m'maganizo

Amayi apampando, akomiti ndi anzanga nonse a gulu lathu loyendera odwala m'makomo, ndabwerako kuja munanditumaku. Msonkhano unali wa masiku awiri kuchipatala chachikulu cha kuboma, ndipo ankatiphunzitsa ndi namwino wa matenda a m'maganizo. M'mawa wa tsiku loyamba unathera malonje ndi zolankhula za akuluakulu, zimenezo ndisakutayireni nazo nthawi.

Anamwinowo anayamba ndi kutifunsa kuti munthu akatulutsidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu, amamusamala ndani. Tonse tinangoti zii. Iwo anati ndi gadiyani wake ndi ifeyo, chifukwa namwino amamuona mwina kamodzi pamwezi, masiku ena onsewo ali pakhomo. Ndipo chimene chimabweza ambiri m'chipatala ndi kusiya mankhwala. Ena abale amati wachira poti wayambanso kusamba ndi kupita kumunda. Ena amasiya okha chifukwa mapiritsi monga chlorpromazine ndi haloperidol nthawi zina amaumitsa khosi, manja kunjenjemera, dovu chuchuchu, munthu n'kumayenda ngati chidole. Pakhomo akaona zimenezi amati mankhwala amuwonjezera misala, n'kuthamangira naye kwa asing'anga. Chonsecho pali piritsi lina, benzhexol, ambiri amati Artane, limene limachepetsa kuuma thupiko. Chofunika n'kubwerera naye kuchipatala. Kwa amene amaiwala kapena kukana kumwa, pali jakisoni wa pamwezi, Modecate. Ndiye tikafika pakhomo tisamangofunsa kuti mwadzuka bwanji. Tipemphe buku lakuchipatala, tione tsiku lobwerera, tiwerenge mapiritsi otsala m'kapepala.

Masana anandiimika ineyo kutsogolo kuti ndikhale wodwala wolusa, musaseke. Ndinatenga mpando n'kuyamba kukalipa. Anamwinowo sanandithamangire. Anachotsa anthu onse amene anandizungulira, chitseko anachisiya chosatseka, anaima chapatali pang'ono cham'mbali, manja ali poyera, n'kumanditchula dzina motsitsa mawu. Wolankhula anali mmodzi yekha. Ngakhale zinali zongoyerekeza, ndinachita manyazi n'kuutula mpandowo. Kwathu kuno timatani? Mudzi wonse umasonkhana, ana akukuwiza, anyamata abwera ndi chingwe. Ena a inu mukukumbukira zilonda za m'mikono mwa mnyamata uja tinamupeza atamangidwa pamtengo. Akuti choyamba n'kuchotsa zikwanje, mipeni ndi makasu pafupi, osati kumumanga munthu.

Za khunyu anadutsa mwachangu poti ambiri tinkadziwako. Wagwa, m'chotseni pamoto kapena pamadzi, m'gonekeni cham'mbali, m'kamwa osaikamo sipuni kapena chala. Thovu lake kapena mpweya umene watulutsa sizipatsira matendawa. Kukomoka kukapitirira mphindi 5, kuchipatala msangamsanga. Phenobarbitone kapena carbamazepine azimwa tsiku ndi tsiku, ndipo wolamula kusiya ndi adokotala okha.

Chimene chinandilemera ndi nkhani ya anthu ongokhala chete: mayi wongobereka kumene amene sakufuna kuyamwitsa, bambo amene ngongole yamupanikiza ndipo sakugona. Akuti tizimufunsa mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, kufunsako sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, asasiyidwe yekha, tameki ndi mankhwala opopera m'dimba zichoke m'nyumba, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinavomera pamaso pawo, koma kunena zoona lilime likundilemerabe kufunsa zimenezo kwa munthu wamkulu.

Ndinawafunsa funso munandipatsira lija, loti titani mankhwala akasowa pachipatala chathu chaching'ono pomwe wodwala alibe ya thiransipoti yofikira kuboma. Anati tizidziwitsa alangizi a zaumoyo mapiritsi asanathe. Sindinakhutire, ndipo ndinawauza momwemo.

Pokumana pathu Loweruka ndikupempha tigawane makomo amene muli odwala otere, aliyense akhale ndi ake, ndiponso tisankhe awiri akaonane ndi amfumu kuti atiitanire anthu pa 10 Okutobala, tsiku loganizira za thanzi la m'maganizo padziko lonse. Mapepala amene anatipatsa ndasiya kwa alembi, chenji cha ndalama yoyendera chili kwa amsungichuma.