Ana a eni nthaka ku Canada aphunzire mbiri yawo yonse

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya maphunziro a ana a eni nthaka m'sukulu za sekondale ku Canada, dziko lomwe pa 30 September chaka chilichonse limakumbukira ana amene analandidwa kwa makolo awo n'kukatsekeredwa m'sukulu zogonera komweko. Ana pafupifupi 150,000 anadutsa m'sukulu zimenezi, zomwe zambiri zinkayendetsedwa ndi mipingo pogwiritsa ntchito ndalama za boma, ndipo mwana ankalangidwa akangomveka akuyankhula chiyankhulo cha amayi ake. M'chaka cha 2015 komishoni yofufuza choonadi, yomwe wapampando wake anali woweruza milandu Murray Sinclair, inatulutsa mfundo 94, ndipo mfundo ya nambala 62 inapempha kuti mbiri ya sukuluzi, mapangano a pakati pa eni nthaka ndi atsamunda, komanso ntchito zomwe eni nthaka agwira pomanga dzikolo ziphunzitsidwe kuyambira kumkaka mpaka giredi 12.

Nkhawa yanga ndi yakuti pa zitatu zimenezi, chomwe chimamveka kwambiri ndi choyambacho. Nkhanza za m'sukuluzo ziyenera kunenedwa mosabisa, koma mtsikana wa zaka 16 amene wakhala akumva chaka ndi chaka kuti agogo ake ankamenyedwa ndi kumetedwa tsitsi, osamva kalikonse za malamulo ndi nzeru za mtundu wake, angatuluke m'kalasi akuganiza kuti anthu akwawo amadziwika ndi misozi yokha.

Taonani a Mi'kmaq a m'chigawo cha Nova Scotia. Nawonso ana awo ankatengeredwa kusukulu ya Shubenacadie mpaka pamene inatsekedwa mu 1967, koma mbiri yawo siyambira pamenepo. Atsamunda asanabwere, dziko lawo linali logawidwa m'zigawo zisanu ndi ziwiri ndipo linali ndi bwalo lalikulu la mafumu. M'zaka za m'ma 1700 anachita mapangano a mtendere ndi ubwenzi ndi a ku Britain, ndipo m'mapanganowo sanagulitse nthaka yawo. Mapanganowa akugwirabe ntchito lero lino, chifukwa mu 1999 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti Donald Marshall Jr., wa mtundu wa Mi'kmaq, yemwe anazengedwa mlandu wogwira ndi kugulitsa nsomba za mkunga popanda chiphaso, ankatetezedwa ndi mapangano a 1760 ndi 1761. Mnyamata amene bambo ake ndi msodzi akawerenga chigamulo chimenechi m'kalasi, amamvetsa gwero la mikangano ya panyanja yomwe amaimva pakhomo, ndipo amadziwa poima wina akamuuza kuti anthu akwawo amangokonderedwa.

Chomwe chimandipatsa chidwi n'chakuti a Mi'kmaq sanadikire kuti wina awalembere maphunzirowa. Kudzera m'lamulo la 1998 anatenga ulamuliro wa sukulu za m'midzi yawo, ndipo bungwe lawo la Mi'kmaw Kina'matnewey ndilo limathandiza midziyo kuyendetsa sukuluzo. Ku Eskasoni, umodzi mwa midzi yawo, ana amayamba kuphunzira m'chiyankhulo chawo akadali aang'ono, pomwe mu 2022 boma la Nova Scotia linavomereza mwalamulo kuti Chimi'kmaq ndicho chiyankhulo choyambirira cha chigawocho.

Chigawo cha British Columbia chinasankha njira ina: kuyambira chaka cha sukulu cha 2023/24 wophunzira aliyense amayenera kutenga phunziro lokhudza eni nthaka asanalandire satifiketi yake. Ndikuyamikira, pakuti mwana wa mzungu nayenso ayenera kudziwa mwini wa nthaka yomwe akupondapo. Komabe m'chigawo chimenechi muli magulu a eni nthaka oposa 200 ndi ziyankhulo zoposa 30, kotero buku limodzi lolembedwa ku Victoria, likulu la chigawochi, silingauze mwana wa mtundu wa Haida zomwe ayenera kudziwa za mafuko a kwawo.

Pempho langa kwa oyendetsa maphunziro kumeneko ndi lakuti ndalama zipite kukasula aphunzitsi ochokera m'mitundu yomweyo, ndipo akuluakulu odziwa miyambo alowe m'kalasi monga aphunzitsi olipidwa, osati alendo ongoitanidwa kudzayimba ng'oma kamodzi pachaka. Oyankhula bwino zina mwa ziyankhulozi atsala ochepa ndipo ndi okalamba, choncho ntchito yowalemba iyambe msanga.

Wowerenga wanu,
Zomba