Ka Evoque kofiira kafika

Chilomoni, Blantyre

Achimwene,

Phukusi lija landipeza Loweruka. Mlamu wanu ndi amene anabwera nalo kugalaja, ine ndili pansi pa minibasi, manja ali bii ndi girizi, moti ndinangomuuza kuti alitsegule yekha ine ndizionera. Kabokosi kaja katangotuluka, anyamata onse masipanala pansi. Masokosi ndi tiyi zikomo, koma tisanamizane, chimene chikundigoneka mochedwa masiku ano ndi ka Range Rover Evoque kofiira kaja.

Ndakayeza ndi tepi, ndi masentimita 10 ndi kanyenyeswa. Kunsi kwake analembako 1:43, ndipo nditachulukitsa ndi 43 ndinapeza mamita 4 ndi masentimita opitirira 30, kutalika kwa yeniyeniyo ndendende. Magalasi a m'mbali ndi ngati njere za mpunga, koma alipo onse awiri. Denga likutsetserekera kumbuyo momwe limachitira pa yaikulu, mawindo akumbuyo ali ngati munthu wotsinzina, ndipo mukasuzumira mkati chiwongolero chili kumanja ngati zathu zomwezi. Mwana wanu wamng'ono uja anafuna kukakankha pasimenti, ine ndinakana. Mayi ake anaseka mpaka misozi, ati bambo wa imvi kulimbirana chidole ndi mwana wa sitandade 2. Pano kali m'kabati ya magalasi, pamodzi ndi mbale zodyera alendo.

Koma pa timagalimoto tiwiri timene munatumiza, chimene chanditenga mtima kwambiri ndi kalole ka Bedford kokalikakalika kamene munati munakatola pa msika wa Lamlungu, kuja anthu amagulitsira katundu m'mabuti a galimoto. Munalemba ngati mukupepesa kuti penti inatha. Musapepese. Katembenuzeni m'maganizo, kunsi kuli mawu akuti Dinky Toys, Meccano, Made in England. Kodi mukudziwa kuti kanapangidwa mumzinda mwanumo? Fakitale yake inali pa Binns Road, ku Liverpool komweko. Anayamba kupanga timagalimoto timeneti mu 1934, fakitale n'kudzatsekedwa mu 1979, ife tikuyamba kumene kukwawa. Ngakhale muyezo wa 1:43 uja unachokera ku tisitima ta njanji ta ana, poti timagalimoto tinkafunika kulingana ndi tisitimato tikaikidwa pamodzi. Tsiku lina mukapuma pantchito kayendeni mumsewu umenewo mudzandiuze chimene chilipo lero.

Munanena kuti osonkhanitsa tizinthuti amalipira ndalama zambiri pa kagalimoto kamene sikanatulukepo m'bokosi, ndipo kokanda ngati kangaka sakayang'ana kawiri. Zimenezo ine zandikanika kumvetsa. Ka Bedford aka mphuno yake inaphwanyika, tayala limodzi likuyenda mopotoka, m'bodi muli dothi louma lomwe ndalisiya dala. Pali mwana wina amene anakasenzetsa miyala, kukagwetsa pamasitepe, mwina kugona nako m'bulangete. Kosatsegulako ndiye kanapangidwiranji?

Kandikumbutsa zathu zija za mawaya. Mukukumbuka mmene tinkapindira waya pamwala, pena ndi mano, n'kumanga molumikizira ndi malegeni odula ku chubu cha njinga? Matayala anali zitini za polishi, zikasowa zitsekerero za Fanta zinayi zinayi zomangidwa pamodzi. Chiwongolero chinali waya wautali wofika m'chiuno, ndipo chinkakhotetsadi matayala akutsogolo, chinthu chimene ka Evoque kanu, ndi kukongola kwake konseko, sikangachite. Yanu ija munaiika mashokabu a waya wopota, ikalowa pabampu inkanyuta ngati basi yeniyeni, ndipo ndikuvomera lero, patatha zaka zonsezi, kuti ndine ndinaiponda usiku uja, sanali mbuzi ayi. Umakaniko wanga unayambira pamenepo. Mmene chiwongolero chimakokera matayala ndinazidziwa ndisanaonepo kunsi kwa galimoto.

Tsopano nkhani yaikulu ija, yakuti mukufuna kugula Evoque yeniyeni ya 2014 muitumize kuno, muziyendera mukabwera pa Khirisimasi. Ndikudziwa chikukukokani. Imapangidwira ku Halewood, khomo ndi khomo ndi inu, pa fakitale imene Ford inatsegula mu 1963 n'kumapangirapo Anglia kenako Escort, ndipo chiyambire 2011 mwakhala mukuziona zikutuluka zonyezimira pamalole. Ndi galimoto yooneka bwino, sindingatsutse. Pa tonse timene amatitcha tima SUV tapamwamba, kaya BMW X1, Audi Q3, Mercedes GLA, palibe kamene kamatembenuza makosi pa Ginnery Corner ngati iyeyu. Chiwongoleronso chili mbali yoyenera, poti ku UK ndi kuno tonse timayenda kumanzere.

Komabe ndikulankhula ngati munthu amene adzagone pansi pake. Choyamba mukaiyang'ane kunsi musanapereke ndalama. Kwanuko nthawi yachisanu amathira mchere m'misewu, ndipo galimoto imatha kuwala pamwamba pamene pansi dzimbiri ladya mapaipi a mabuleki. Onaninso nambala ya pa dashibodi, imeneyo ndi mamailosi. Ikati 100,000 ndiye kuti yayenda makilomita 160,000, musadzinamize.

Chachiwiri ndi matayala, ndipo apa ndi pamene ndimakanganirana ndi makasitomala sabata iliyonse. Zambiri mwa galimoto zimenezi zimabwera ndi marimu aakulu, mainchesi 19 kapena 20, mphira n'kukhala kachigamba kopyapyala. Pa msewu wosalala n'zokoma m'maso. Lowani nayo m'dzenje limodzi mvula itagwa, mungomva khoo, rimu lapindika, tayala latupa chithupsa m'mbali. Mwezi wathawu bwana wina anandisiyira galimoto ya mtundu womwewu wa tating'ono todula, osati yanuyi, inakhala pajeke milungu itatu tikudikira rimu limodzi kuchokera ku Johannesburg. Nkhuku zinayamba kugona pansi pake. Ngati mwatsimikiza mtima, funani ya marimu 17, tayala lokhuthala, ngakhale anzanu aziti yachepa ulemerero. Kumudzi kwanu ku Ntcheu, ukangosiya M1, ulemerero umenewo suwoloka kamtsinje kaja.

Muganizirenso za ulendo wake. Sitima mpaka ku Dar es Salaam, dalaivala woitsitsa mpaka pa Songwe, kenako msonkho wa MRA, umene umakwera galimoto ikakhala yakale komanso injini ikakhala yaikulu. Mukaphatikiza zonsezo mudzapeza kuti mwaigula kawiri. Ndiye izikhala miyezi 11 pachaka itafunditsidwa lona kwa mayi, batire likutha, makoswe akudya mawaya. Galimoto yodzaza makompyuta simakonda kukhala, ndipo ikayatsa kanyali pa dashibodi, khutu langa ndi sipanala sizithandiza, mpaka tibwereke makina oyezera. Mukanandifunsa ine, ndikanati RAV4 kapena Harrier yochokera ku Japan. Masipeya ake ndimawapeza ku Limbe m'mawa, masana galimoto ili pamsewu, ndipo akasowa atsopano mumsika wa Ndirande simulephera. Koma ndikukudziwani, munayamba kale kukonda zonyuta.

Pali zinthu ziwiri ndikupempha. Mukadzapitanso ku msika uja mundigulireko tiwiri titatu ta Matchbox kapena Hot Wheels, totchipa, ta m'thumba, toti mnyamatayu azigwetsa mmene angafunire, andisiyire kanga. Akumangozungulira kabati ngati mphaka pa nsomba.

Chinacho, mundijambulire Evoque yeniyeni chakumbuyo, pafupi, pooneka bwino magetsi ndi pamene denga limathera. Ndatola waya wa fensi kuseri kwa galaja ndipo madzulo ndikumapinda pang'onopang'ono. Kutsogolo kwatheka, mashokabu opota ndaika ngati anu aja, chiwongolero chikukhota bwinobwino. Denga lokha ndi limene likundivuta, ndaphwasula kawiri, likumangotuluka ngati la minibasi. Mlamu wanu akubwerera kwanuko pa 20, ndipo ndamuuza kale kuti asiye malo m'sutikesi, ngakhale chiwongolerocho ndichipinda pawiri kuti chikwane.

Mayi ndinawaona Lachitatu, ali bwino, mwendo wokha ukuwavutabe kukazizira. Apatseni moni alamu ndi ana.

Ndine mnzanu uja woponda galimoto za eni.