Kwa Tadala, za sitayilo ija

Tadala mdzukulu wanga,

Ndiye wakwanitsa zaka 7 eti? Hii! Dzana lomweli ndimakubereka kumbuyo iwe uli kalikiliki kundikoka duku. Amayi ako akuwerengere pang'onopang'ono, iwe khala pansi usadumphedumphe.

Mau ako aja pa WhatsApp ndawamvera kanayi, kachisanu netiweki inathawa. Akuti ukufuna agogo akusoketsere diresi ya sitayilo. Nanga sitayilo yake iti mwana iwe? Ndinapita kwa telala wa pamsika uja, amene amakhala pakhonde la sitolo ndi makina ake opalasa ndi phazi, ndiye wandilozera chipepala chomata pakhoma, masitayilo mbweee, ena manja otukumuka ngati baluni, ena othina m'chiuno kenako n'kutambasuka m'munsi ngati chipsepse cha nsomba, ine kukamwa yasa. Chitenje ndagula kale, chachikasu cha timbalame. Umachikondabe chikasu kapena wasintha?

Koma ndikuuze za Kameta. Ukuikumbukira nkhuku ija yopanda nthenga m'khosi, imene unkaithawa uja? Lachiwiri kunagwa chimvula kuno, pamalata phokoso osamvana, madzi anadzaza pabwalo mpaka pa mtondo. Nkhuku zonse zinathawira pansi pa nkhokwe. Mvula itakata anzake ali duu kuopa matope, Kameta anatuluka yekha, atanyowa chonchi ngati sanza, khosi lofiira psuu ataliimika ngati bwana. Anyamule mwendo umodzi m'mwamba, audikiritse kaye, auponde pang'onopang'ono, anyamule wina. Anafika pa chithaphwi n'kuima, kupendeka mutu uku, kupendeka uku, ine ndikuti amadziyang'anira pagalasi ameneyo. Kenako anati adumphire pakhonde, simenti yake yonyowa, terereee, phii! chagada miyendo m'mwamba. Ndinaseka mpaka tiyi kunditayikira pachitenje. Iye anadzuka, kudzikung'untha kawiri, n'kupitiriza kuyenda monyada muja ngati sanagwe ndi iye. Agogo ako aamuna ali pampando anangoti, taonani sitayilo.

Waona tsono? Diresi sitayilo, kayendedwe ka Kameta sitayilonso. Amalume ako ameta m'mbali monse mpala, pamwamba asiya katsumba, ndikawafunsa akuti mayi ndi sitayilo imeneyi. Koma Kameta sanapite kometetsa ayi, anabadwa choncho, ndipo mu Okutobala kukatentha anzake ali wefuwefu iye samva kutentha kwambiri.

Paja agogo ako ndinali mphunzitsi, ndiye pirira ndikuphunzitse pang'ono. Mau amenewa ndi okalamba kuposa ine. Kalekale ku Roma, zaka ngati 2,000 zapitazo, ana a sukulu analibe makope. Amalemba pa kathabwa kopaka phula, lija la njuchi, ndi kachitsulo kosongoka dzina lake stilus. Mbali inayo kanali kaphwatalala, ukalakwitsa umangotembenuza n'kusalaza phula lija basi, labala wake ameneyo. Ndiye munthu akamalemba bwino ankati stilus yake ndi yabwino, mpaka dzina la kachitsulo linasanduka dzina la kalembedwe, kenako kavalidwe, kenako mpaka nkhuku yanga. Iwe kalembedwe kako kali bwanji? Chilembo cha b ndi d ukumazisokonezabe? Pensulo ukumaitafunabe? Usiye, ndi uve umenewo.

China udzachipeza mu sayansi ukafika makalasi apamwamba. Duwa nalo lili ndi sitayilo yake, kakhosi kakatali ka pakati penipeni. Pa chimanga ndiye ndevu zija. Panopa kumunda chamasula, ngayaye zili pamwamba, ndevu zili wirira, zina zoyera zina zofiirira. Kandevu kalikonse kamapita pa njere yake imodzi. Fumbi la ngayaye likagwera pa kandevu, njere imabadwa, likapanda kugwera pamakhala gweru ngati mkamwa mwako muja. Mano akutsogolo amera? Unkakonda kuzula ndevu zimenezi n'kumaluka tsitsi la chidole, ine n'kumakukalipira, ndi chifukwa chake chimenecho.

Pa chithunzi ndaona wavala thalauza la jinzi, manja m'chiuno. Ine ndili mtsikana zimenezo kunalibe, lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauza ndi siketi yoonetsa mawondo, linadzatha mu 1993 amayi ako ali kamwana. Mpaka lero thalauza sindinaliyesepo, mwina udzandiphunzitsa ndiwe. Koma pachithunzipo ukuoneka ngati waonda, ukudya koma? Chifuwa chija chinatha? Uzigona mu neti tsiku lililonse, udzudzu wa February si wamasewera, ndipo mvula ikamagwa usamadumphe ngalande za m'tauni zija, madzi ake amakokolola ndi akuluakulu omwe. Ndikaganiza zimenezi tulo sindilipeza.

Uwauze amayi ako akuyeze ndi chingwe, m'chifuwa, m'chiuno, ndi kuchokera paphewa mpaka pabondo, anditumizire, telala akuti sangasoke mongoganizira. Ndipo undiyankhe, manja a baluni kapena chipsepse cha nsomba? Holide ya Isitala ubwere udzaivale kuno, chimanga chidzakhala chitakhwima tidzaotcha. Kameta wayamba kuikira, mazira afika 6, ndakusungira.

Ndine agogo ako okukonda.