Gitala yakale yabwereranso m'sitolo

Akonzi,

Ndine Mmalawi wokhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, ndipo Lamulungu lililonse ndimayimba gitala kutchalitchi kwathu. Loweruka lapitali, m'sitolo ina ya zoyimbira, ndinagwira koyamba Epiphone Casino, gitala yomwe inatuluka mu 1961 ndipo aipanganso m'maonekedwe akale aja.

Kupepuka kwake kunandidabwitsa. M'kati mwake ndi mphako yokhayokha ngati ng'oma, moti ndisanailumikize n'komwe ku amplifaya (chokuzira mawu) inali ikumveka kale, thabwa likunjenjemera pamimba panga. Pomwepo ndinakumbukira banjo ya chitini cha mafuta imene malume anga ankaimba madzulo kwathu ku Mulanje, ndipo misozi inalengeza.

Ma pickup ake awiri (tizipangizo totola kulira kwa nsambo) a mtundu wa P-90 amatulutsa mawu okhuthala, okoma pa nyimbo zodekha za kwaya. Ukakweza mawu kwambiri gitalayi imayamba kulira yokha, monga zimachitira gitala zonse zamphako, choncho ndizidzaima patali ndi sipika.

Ndalama sizinakwane, koma ndalowa chipereganyu ndi anzanga a kuntchito. Chonde, patsamba lanu la zamsangulutso muzilembako za zida zoyimbira, osati za oyimba okha.

Wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg