Kalata kwa mnzanga ku America: zomwe amaona akamafufuza za ntchito zanu zakale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndamva kuti kampani ija yakupatsani fomu yoti musaine kuti afufuze mbiri yanu, ndipo mtima uli m'mwamba chifukwa cha mmene munachokera kuntchito yakale. Khazikitsani mtima pansi, ndikufotokozereni mmene zimayendera kumeneko.

Kulibe kaundula wa boma wolembamo anthu onse amene anachotsedwapo ntchito. Ndiponso kampani yofuna kukulembani kawirikawiri sifufuza yokha, imatuma makampani ena monga HireRight, Checkr kapena First Advantage. Amenewa amayamba kuyang'ana mu The Work Number, nkhokwe ya kampani ya Equifax komwe mabwana ambiri amatumizako zamalipiro a antchito awo. Mmenemo mumapezeka dzina la kampani, tsiku lomwe munayamba, tsiku lomwe munasiya, udindo wanu, ndipo nthawi zina malipiro. Kampani yanu yakale ikapanda kupezekamo, amaimba foni kapena kutumiza imelo ku ofesi yoona za antchito.

Makampani akuluakulu amayankha mouma: masiku ndi udindo, basi. Anthu ambiri amaganiza kuti lamulo ndi lomwe limawatseka pakamwa. Ayi ndithu. Palibe lamulo la dziko lonse loletsa bwana kunena kuti anakuchotsani, bola zikhale zoona. Iwo amangoopa kusumiridwa kuti aipitsa mbiri ya munthu. Koma pali kafunso kamodzi komwe ofufuza amakonda: "Kodi munthuyu mungamulembenso?" Akayankha kuti ayi, wofunsayo amadziwa kuti simunasiyane bwino, ngakhale sadziwa chifukwa chake, pakuti makampani ena amayankha choncho kwa aliyense amene anachoka osachenjeza masabata awiri asanasiye. Kumalo ang'onoang'ono ndiye kulibe ndondomeko. Foni amayankha ndi mwini wake, ndipo ngati adakali ndi mangawa akhoza kukhuthula zonse.

Ntchito zina zili ndi makaundula awoawo, ndipo kumeneko n'kovuta kubisala. Kampani yolemba madalaivala a mathiraki imayenera kufunsa mabwana omwe munawayendetsera m'zaka 3 zapitazo, komanso kuyambira mu 2020 imayang'ana mu Clearinghouse ya boma, momwe amalembamo ogwidwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Ogulitsa masheya akachoka, kampani imadzaza fomu ya U5 ku FINRA, bungwe loyang'anira ogulitsa masheya, n'kulembapo chifukwa chake. Othandizira anamwino m'nyumba zosungira okalamba ali ndi kaundula m'chigawo chilichonse, koma mumalowa zokhazo zomwe boma lafufuza n'kutsimikiza, monga nkhanza, kunyalanyaza wodwala kapena kumubera. Kuchotsedwa chifukwa chochedwa kuntchito kapena kukangana ndi kapitawo sikulowa mmenemo.

Chomwe chimagwetsa anthu ambiri si kuchotsedwa ntchito, koma kusiyana kwa zomwe analemba ndi zomwe wofufuza wapeza. Munthu anasiya mu Malichi, koma pofuna kukwirira miyezi yomwe anakhala pakhomo amalemba kuti anasiya mu Ogasiti. Wofufuza sakhala ndi nthawi yomvetsa za moyo wa munthu. Amayika mzere wanu pambali pa mzere wa kampani, akaona kuti sizikugwirizana amachonga, ndipo lipoti limapita kwa bwana lili ndi chizindikiro. Kuphonya ndi mwezi umodzi mabwana ambiri sakulabadira, koma miyezi isanu imaoneka ngati bodza, ndipo bodza limachotsetsa ntchito ngakhale mutayamba kale. N'chimodzimodzi kudzikweza udindo, kulemba kuti munali woyang'anira pomwe m'mabuku mwawo munali wothandizira.

Palinso msampha wina womwe umakola anthu osalakwa. Ngati munkagwira ntchito kudzera ku ejensi yotumiza antchito kumakampani ena, bwana wanu pamalamulo ndi ejensiyo, osati fakitale kapena chipatala chomwe munkapitako m'mawa uliwonse. Mukalemba dzina la fakitale, iwo adzayankha kuti sakukudziwani. Yang'anani dzina lomwe lili pa W-2 yanu, fomu ya msonkho yomwe bwana amakupatsani chaka chilichonse yosonyeza malipiro anu, lembani limenelo, kenako muonjezere komwe anakutumizani.

Ndiye musanabweze fomuyo chitani izi. Pemphani lipoti lanu ku The Work Number. Ndi laulere, ndipo mudzaona zomwezo zomwe ofufuza amaona. Sonkhanitsani ma W-2 ndi timapepala ta malipiro, makamaka loyamba ndi lomaliza pa ntchito iliyonse. Ngati munataya, IRS, bungwe la boma lotolera misonkho, imapereka chikalata chosonyeza amene anakulipirani chaka chilichonse. Mapepala amenewa ndi omwe amakupulumutsani ngati kampani yakale inatsekedwa kapena siyankha foni. Kenako imbani nokha ku ofesi yoona za antchito ya kampani yakaleyo, mufunse mwaulemu zomwe amanena akafunsidwa za inu, ndiponso ngati anakulembani kuti mukhoza kubwereranso. Ambiri amayankha popanda vuto. Pa mayina a anthu okuchitirani umboni musaikepo bwana yemwe munayambana naye. Sankhani wina amene ankaona ntchito yanu tsiku ndi tsiku, ndipo mumudziwitse kuti adzamuimbira.

Ngati fomu sikufunsa chifukwa chomwe munachokera, palibe chokukakamizani kuchiyambitsa. Ikafunsa mwachindunji, nenani zoona. Pa mafomu a boma ndiye musayerekeze n'komwe: fomu ya OF-306, yomwe amadzaza ofuna ntchito m'boma, imafunsa ngati m'zaka 5 zapitazo munachotsedwapo, kapena munasiya mutauzidwa kuti muchotsedwa, ndipo kunama pamenepo ndi mlandu. Pa intavyu ziganizo ziwiri kapena zitatu n'zokwanira: chomwe chinachitika, ndi chomwe mwasintha. Osanyoza bwana wakale, ngakhale atakhala kuti anali wovutadi, chifukwa wokufunsaniyo naye ndi bwana. Komanso ngati anakuchotsani chifukwa chochepetsa antchito, nenani momveka, pakuti zimenezo sizifanana ndi kuchotsedwa chifukwa cha kulakwa.

Lamulo la Fair Credit Reporting Act la 1970 lili kumbali yanu ngati bwana wagwiritsa ntchito kampani yofufuza. Sangafufuze popanda chilolezo chanu cholembedwa, ndiyo fomu mwapatsidwayo. Akafuna kukukanani chifukwa cha zomwe zapezeka, ayenera kuyamba wakupatsani lipotilo ndi pepala lofotokoza ufulu wanu, asanamange mfundo yomaliza. Mabwana ambiri amadikira masiku asanu ogwira ntchito, choncho musachedwe. Mukapeza cholakwika, lemberani kampani yofufuzayo, muphatikizepo W-2 kapena kalata yomwe anakulemberani ntchito, ndipo tumizaninso kwa bwana tsiku lomwelo kuti asapereke malowo kwa wina. Kampani yofufuza ili ndi masiku 30 oti iunikenso n'kukonza. Chitetezo chimenechi sichikhudza foni yomwe bwana waimba yekha kwa mnzake amene amadziwana naye, n'chifukwa chake ndikukakamira kuti mudziwiretu zomwe kuntchito yakale akunena.

Lipoti la The Work Number likafika munditumizire masiku omwe alembamo, tiwayerekeze ndi CV yanu mzere ndi mzere.

Ndine mnzanu wakalekale.