Kuthokoza antchito a Ezemvelo KZN Wildlife

Kwa Mkulu wa bungwe la Ezemvelo KZN Wildlife,
Pietermaritzburg, KwaZulu-Natal, South Africa.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi pofuna kuthokoza antchito anu a ku malo osungirako zachilengedwe a Royal Natal, Giant's Castle ndi Hluhluwe-iMfolozi, kumene ine, akazi anga, ana athu ndi mayi anga ondibereka tinakacheza pa tchuthi cha mu Disembala. Pempho langa n'lakuti kalatayi isathere mu ofesi mwanu. Ikafike kwa eni ake: olandira alendo, otsogolera anthu m'njira za m'mapiri, ndi alonda amene amagona kutchire.

Ku Royal Natal tinafikira ku kampu ya Thendele. Kutacha, titangotsegula chitseko, maso athu anagwera pa Amphitheatre, chikhoma cha thanthwe chotambalala makilomita pafupifupi 5, ndipo pamwamba pake madzi a Tugela anali kugwa. Mathithi amenewa ndi a mamita 948, ndipo ali m'gulu la aatali kwambiri pa dziko lonse. Koma mtima wanga unali pa mayi, amene maondo awo salola kukwera chitunda. Ndinkaopa kuti abwera ulendo wonsewu kudzangokhala pakhonde. Mayi wina wa pa ofesi yolandirira alendo anawapatsa moni mwaulemu, nawafunsa mmene amayendera, kenako anatilozera njira ya ku Cascades, yotsata mtsinje wa Mahai, imene mbali yake yoyamba ndi yakonkire moti ngakhale njinga ya olumala imadutsa. Agogo anayenda pang'onopang'ono atagwirana manja ndi mdzukulu wawo wamng'ono mpaka anakaviika mapazi m'madzi ozizira a m'phiri. Amene anaganiza zokonza njira imeneyi ankadziwa kuti phiri si la achinyamata okha, ndipo ndikumuthokoza ngakhale sindimudziwa.

Ife amene tinkafuna kulowera ku chigwa cha Tugela, mayi a pa ofesi aja anatiuza kuti tiyambe talemba mayina m'buku la okwera phiri, tinyamule zovala za mvula, ndipo tibwerere dzuwa lisanapendeke, poti nthawi ya dzinja mabingu amayamba masana. Anyamata anga anang'ung'udza poona kumwamba kuli mbee. Koma titangofika pa galimoto mitambo inatsika, mphezi n'kuyamba kung'anima pamwamba pa thanthwe lija.

Ku Giant's Castle, malo amene anapatulidwa mu 1903 pofuna kuteteza ntchefu, tinakwera kukaona zojambula za anthu a mtundu wa San ku Main Caves. Wotitsogolera sanangoletsa ana kugwira thanthwe. Anawafotokozera kuti mafuta a m'manja amawononga utoto, komanso kuti kale alendo ena ankathira madzi pa zojambulazo kuti ziwale pa chithunzi, osadziwa kuti akuzifafaniza. Anawaonetsa kuti ntchefu ndi imene inajambulidwa kwambiri ndiponso mosamala kuposa nyama zina, chifukwa kwa a San inali nyama yopatulika. Ankanena za anthuwa mwaulemu, ngati anthu amene anali ndi nzeru ndi chipembedzo chawo. Tinamvetsa chifukwa chake UNESCO inaika mapiri amenewa a Drakensberg m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2000, pa zifukwa ziwiri: chilengedwe chake ndi zojambulazi.

Koma chimene chandikakamiza kugwira cholembera ndi zimene zinachitika ku Hluhluwe-iMfolozi. Njovu, njati, mbidzi ndi akadyansonga tinaziona, ana n'kumakuwa ndi chimwemwe. Kenako tinapeza zipembere ziwiri zikudya msipu pafupi ndi msewu, zonse zopanda nyanga. Mwana wathu wamkazi anafunsa ngati zinabadwa choncho. Bambo amene ankayendetsa galimoto yoonera nyama anazimitsa injini n'kumuyankha ngati akuyankha munthu wamkulu. Anati mu 2023 mokha anthu opha nyama mozemba anapha zipembere 307 m'nkhalango imeneyi, mwa 499 zimene zinaphedwa m'dziko lonse la South Africa, zonsezi chifukwa cha nyanga. Choncho kuyambira mu Epulo 2024 madokotala a zinyama anayamba kuzigoneka ndi mankhwala n'kumazidula nyanga kuti achiwembuwo asowe chofuna. Nyangayo imameranso ngati chikhadabo, n'chifukwa chake ntchitoyi siithera pa ulendo umodzi.

Anapitiriza kutiuza kuti pamene malowa ankapatulidwa mu 1895, zipembere zoyera za kum'mwera zinali zitatsala zosakwana 100, ndipo pafupifupi zonse zinali kumeneko. M'zaka za m'ma 1960 woteteza zinyama wina dzina lake Ian Player ndi anzake anayamba kuzigwira n'kuzisamutsira ku nkhalango zina ndi ku mayiko ena pa ntchito yotchedwa Operation Rhino. Sanaiwale kutchula Magqubu Ntombela, mlonda wa Chizulu amene anamuphunzitsa Player kudziwa tchire, ndipo zimenezi zinandikondweretsa, poti mayina a anthu ngati amenewa nthawi zambiri amasiyidwa.

Kunena zoona, chipembere chopanda nyanga chimamvetsa chisoni. Komabe ine ndili kumbali yanu pa chiganizo chimenechi, chifukwa mwana wanga waona chipembere chamoyo chikupuma, osati chithunzi cha m'buku. Usiku ku kampu ya Hilltop, ife tikugona, ndinkaganiza za alonda amene anali kunja mumdima, akulondera nyamazi moika moyo wawo pachiswe pamaso pa anthu a mfuti, mabanja awo akudikira kunyumba. Ma rand amene tinalipira pa geti sindinawadandaule ngakhale pang'ono.

Chonde, Bwana, muwauze alonda amenewo kuti banja lina lochokera kutali likuwathokoza kuchokera pansi pa mtima. Muwauzenso mayi aja a ku Thendele kuti agogo akupereka moni, ndipo akuti Mulungu awadalitse.

Ine wanu woyamikira,
Mlendo wochokera ku Malawi, m'malo mwa banja lonse.